Nsungwi za M'chigafa cha Agogo Eliya

Ufawo anauona Lachitatu m'mawa, akupita kukatunga madzi. Anastaziya anali ndi chizolowezi chakuti akafika pa mlatho wa mtsinje wa Lisanje ankatula ndowa pansi, n'kutsikira kunsi kwa mlathowo kukausirira ali yekha. Ndani akanamudzudzula? Ndiye amene anasonkhanitsa achinyamata a m'mudzi wa Nangwale, ndiye anawatsogolera kukadula nsungwi kuphiri, ndiponso ndiye analonjeza pamaso pa anthu kuti chaka chino palibe adzagone kutsidya chifukwa cha madzi. Koma tsikulo atayang'ana pamiyala ya pansi pa mlatho, anaona timilu ta ufa wachikasu, wosalala ngati wochita kusefa. Anagogoda nsungwi imodzi ndi chala. Ufa wina unathothoka n'kumugwera pamphumi.

Nsungwi zinali zitafumbwa.

Anakhala pamwala. Kunatsala masiku atatu okha kuti dona Nasra, shefe watsopano wa lokalidade, woimira boma m'dera lonselo, abwere kudzatsegulira mlathowo. Ndipo kunatsala miyezi iwiri kuti Madalo, mkulu wake wa Anastaziya, amene anali woyembekezera, adzafunike kuwoloka mtsinjewu kupita kuchipatala ku Itepela, nthawi imene Lisanje amadzaza mpaka kumeza bango.

Zonsezi zinayamba mvula itangosiya, chimanga chisanaume m'minda. Dona Nasra anafika m'mudzimo akudziyendetsera yekha mota, njinga yamoto, mpango wobiriwira uli kumutu, fumbi lili m'nsidze. Anthu anali atamva kale mbiri yake: mwana wa msodzi wa ku Amaramba, amene anakula akuyanika nsomba pathandala, n'kukaphunzira ku Cuamba, n'kukagwira ntchito ku Mandimba. Anamukonzera mpando wapulasitiki, umodzi wokhawo m'mudzimo umene unali ndi miyendo yonse inayi. Iye anaunyamula mpandowo n'kukaupereka kwa agogo Modesta, amene anali wamkulu kuposa amayi onse, ndipo mwini wake anakhala pamkeka, pakati pa atsikana. Bondo lake linakhudzana ndi la Anastaziya.

"Ine sindinanyamule thumba la malonjezo," anatero dona Nasra. "Ndanyamula makutu. Koma ndikuuzeni za kwathu. Ku Amaramba khoka lili ndi zingwe ziwiri. China amagwira akuluakulu, china amagwira anyamata. Mbali imodzi ikathamanga, nsomba zonse zimatulukira mbali inayo. Mukamanga mlatho ndi manja anu, ine ndidzauwoloka ndi mapazi angawa, ndipo mota ya odwala izifika mpaka pakhomo panu."

Anastaziya anamva ngati wina wamuyatsira nyali m'chifuwa. Mawuwo anakawalemba kumapeto kwa kope lake la nyimbo za kwaya, n'kuwazunguliza timaluwa. Koma pa msonkhano pomwepo, dona Nasra asanamalize n'komwe kumwa madzi, iye anali ataimirira kale n'kunena kuti achinyamata ayamba mawa kudula nsungwi.

Apo ndi pamene agogo Eliya, mwamuna wa agogo Modesta, anatsokomola. Anali mdala wamfupi, wa chipewa chopanda mlomo, amene paunyamata wake ankamanga zigafa za fodya m'midzi yonse yozungulira.

"Nsungwi sadula pano," anatero. "Dikirani chisanu."

"Agogo," anayankha Anastaziya, "inu mwakhala mukudikira chiyambire nkhondo inatha. Ife tatopa nako kudikira."

Achinyamata anaseka, ena mpaka kuimba mluzu. Agogo Eliya anangovala chipewa chawo. Chiyambire tsiku limenelo sanapondepo pa mlathowo. Akafuna kupita kutsidya ankapinda buluku n'kuwolokera pamchenga.

Anastaziya adakali pamwala paja, anamva hutala ya mota: kawiri mofupika, kamodzi motalika. Ameneyo anali Gildo, mdzukulu wa agogo Eliya, amene ankanyamula anthu pakati pa Itepela ndi Mandimba. Hutala imeneyo inali ndi tanthauzo limene ankalidziwa awiri okhawo. Kumapeto kwa mlatho, pogwirira manja, panali nsungwi ina yosatseka kukamwa. M'menemo ndi mmene Gildo ankasiya timakalata topinda kanayi, nthawi zina ndi siwiti ya ku Mandimba, ndipo Anastaziya ankasiyamo yankho. Onse anali ndi mafoni, koma Anastaziya ankati chikondi cha pafoni chimatha ndi batire.

"Nasita, watani kunsi kumeneko? Wasanduka nkhanu?" anafunsa Gildo akusuzumira.

"Tsika udzaone."

Gildo anatsika, nagogoda, naona ufa ukuthothoka. Anaimba mluzu wautali wapansipansi.

"Tamvera," anatero ataganiza pang'ono. "Ku Mandimba kuli mnzanga wokonza mainjini. Ndikatenge mafuta akuda aja, tipake mlatho wonse. Uwala ngati nsapato ya padiri wa kutchalitchi. Dona Nasra awoloka, aomba m'manja, apita. Zinazo tidzaziona bwino."

"Nanga Madalo?"

Gildo anakanda kumutu.

"Komanso pali chinthu chimene sindikuchimvetsa," anapitiriza Anastaziya, mawu atatsika. "Kodi agogo ako akubisa chiyani m'chigafa muja?"

Nkhani imeneyi inali itamusowetsa mtendere kwa miyezi. Nthawi ya chisanu ankakumana ndi madala ndi agogo aakazi akuchokera ku dziwe la kumunsi, matope mpaka m'chiuno. Akawafunsa ankati akukumba milamba, koma mlamba ngakhale umodzi sanauone m'manja mwawo. Chilimwe chitafika, fodya atagulitsidwa, chigafa cha agogo Eliya sichinasiyidwe pululu monga zinzake. Anachitchinga ndi mikeka yakale mbali zonse, ndipo mphepo ikaomba kunkachokera kafungo ka zinthu zovunda m'madzi. Akuluakulu ankalowamo awiriawiri, n'kutuluka akunong'onezana, ndipo Anastaziya akamadutsa nkhani inkaduka. M'mutu mwake, momwe simunkasowa maloto, anali atamangamo kale nkhani khumi: mwina mowa wobisa, mwina chuma chokwiriridwa nthawi ya nkhondo, mwina mankhwala. Tsopano ataona ufawu, nkhani ya mankhwala ija ndi imene inaima patsogolo.

"Ukuganiza kuti agogo angalodze nsungwi?" anaseka Gildo. "Iwo aja amalephera ngakhale kulodza mbuzi kuti isadye chinangwa chawo. Koma zoona, ine ndemwe anandiletsa. Anati ndikangosuzumira, mota yanga aisandutsa khola la nkhunda."

Tsiku lonselo Anastaziya anayenda ngati wadwala. Anaona Madalo akuwerama movutika kuti atole chipande, dzanja lina lili pamsana. Anatsegula kope lake la kwaya kuti mawu a dona Nasra amulimbitse mtima, ndipo m'malo momulimbitsa anamubaya. Timaluwa anazunguliza mawu onse, koma iye anali atagwira chingwe chimodzi chokha n'kuthamanga nacho.

Dzuwa litapendeka anagwira nkhuku ya mayi ake, yathadzi yamawangamawanga, naimanga miyendo ndi luzi, naipanira m'khwapa. Kwawoko munthu ukalakwira wamkulu pagulu supita kukapepesa chimanjamanja. Koma tinene zoona: theka la mtima wake linkapita kukapepesa, theka lina linkafuna kukaona chigafa chija pafupi.

Anapeza agogo Eliya ali pakhonde akusema mpini, agogo Modesta akusenda nandolo m'lichero.

"Odi, agogo!"

"Ee, lowani," anayankha agogo Eliya osadzutsa mutu. Kenako anayang'ana. "Aa! Modesta, yala mkeka watsopano uja. Kwabwera a enjinyera."

Anastaziya sanadikire mkeka. Anagwada pafumbi, naika nkhuku patsogolo pake, naomba m'manja katatu.

"Agogo, ndabwera ndi mutu wanga. Ndinalankhula zamwano pagulu. Nsungwi zija zafumbwa."

"Zafumbwa? Nsungwi za achinyamata? Sizingatheke. Mwina kafumbweyo sanamve kuti mwatopa nako kudikira."

"Iwe mdala, mwana wagwada," anatero agogo Modesta. "Ukufuna akwawe ndi mimba?"

"Ndikufuna ndimve bwino, makutu anakalamba. Wati zatani nsungwi?"

Anastaziya anatsegula pakamwa kuti abwereze, koma nkhuku inamuposa. Luzi lija analimanga mofulumira, ndipo thadzilo linangopalasa kawiri, n'kumasuka, n'kuliyatsa liwiro kudutsa pabwalo. Linadumpha mtondo, linazemba galu, n'kulowa pansi pa mkeka wa chigafa.

"Nkhuku ya amayi!" anakuwa Anastaziya, ndipo asanaganize n'komwe anali atakwawa kale pansi pa mkeka womwewo.

Mkatimo munali kamdima kozizira. Maso atazolowera, anaiwala za nkhuku. Pa mikangala, pamene amakoleka fodya, panali nsungwi. Zinali zambirimbiri, zazitali, zowongoka, zosanjidwa bwino kuyambira pansi mpaka kudenga. Sizinali zachikasu ngati zawo zija. Zinali zotuwa moderako, zonunkha matope. Pakona panali mikombero ya luzi, yopombedwa kale. Anagogoda nsungwi imodzi. Inalira ngati mbale yachitsulo, ndipo sipanagwe ngakhale kafumbi.

Mkeka unatukulidwa kumbuyo kwake, kuwala n'kulowa. Agogo Eliya anaima pamenepo, manja kumbuyo, akuyesetsa kuti nkhope isaseke.

"Milamba yathu ndi imeneyo," anatero.

"Agogo... zonsezi?"

"Nsungwi yodula mvula itangosiya imakhala ndi madzi otsekemera. Kafumbwe amaikonda ngati mwana ndi nzimbe. Umadikira chisanu, madziwo atsike. Ukadula, umakaimiza m'matope masabata asanu ndi limodzi, miyala pamwamba, kuti kutsekemera kotsalako kuvunde. Kenako umayanika pamthunzi, osati padzuwa, ingang'ambike. Imeneyo mdzukulu wako adzayendapo."

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Sindinakuuze? Modesta, kodi sindinamuuze mwanayu?"

"Unamuuza mawu awiri ngati ukulipira," anayankha agogo Modesta akulowa, makoko a nandolo ali pachitenje. "Mwanawe, usamumvere. Tsiku la msonkhano lija anabwera kunyumba atatupa ngati finye. Koma chimene chinamusowetsa tulo si mwano wako ayi. Ndi mwana wa ku Amaramba uja. Ankangobwereza kuti, 'Modesta, zaka zanga zonsezi sindinaonepo mtsogoleri atakhala pamkeka. Ameneyu asadzagwere m'madzi pamudzi pathu.' Ndiye chisanu chitafika anayenda khomo ndi khomo kudzutsa madala anzake. Ife amayi tinkasenza miyala. Msana wangawu mpaka lero ukundifunsa."

"Ndiye mukanangotisiya mpaka Loweruka?"

"Iyeyu ankafuna umugwadire kaye. Ine ndinamupatsa mpaka Lachisanu. Ukanapanda kubwera, ndikanamukoka khutu mpaka kwanu."

Anastaziya anaseka, misozi ikutsika, ndipo nkhuku inatulukira pakati pa nsungwi ikutetera ngati nayo inali m'chiwembumo.

"Koma tamvera, enjinyera," anatero agogo Eliya, tsopano mosaseka. "Kudula tinadula, kumiza tinamiza. Koma kunyamula zonsezi mpaka kumtsinje, kukwera pamitanda, kukoka luzi mpaka lilire, zimenezo mawondo athu akana. Nsungwi zopanda anyamata ndi nkhuni chabe."

Lachinayi m'mawa Anastaziya anasonkhanitsa anzake pa mlatho. Sanalankhule zambiri. Anasolola nsungwi imodzi yapakati, naiponda, ndipo inaphwanyika ngati phesi louma, ufa n'kuti fuu. Ena anang'ung'udza kuti ntchito ya mwezi wathunthu yapita pachabe, wina anati bola mafuta akuda aja. Koma ali mkati mokangana anamva nyimbo kumtunda. Anali akuluakulu akutsika pamzere, aliyense atakoka nsungwi imodzi yotuwa, agogo Modesta ali patsogolo akutsogolera nyimbo yosinjira ya makedzana. Achinyamata anayang'anana. Gildo ndiye anayamba kuthamanga kukawalandira, ndipo enawo anamutsatira.

Masiku awiri amenewo m'mudzi wa Nangwale simunalimidwe. Mitanda ikuluikulu inali yabwinobwino, koma zonse za pamwamba anazigwetsa. Agogo Eliya anakhala pachitsa ndi ndodo, akuloza ndi kukalipa. Madala ankaonetsa kamangidwe ka mfundo, anyamata n'kumakoka. Atsikana ankanyika luzi m'madzi kuti lifewe, agogo aakazi akuwaseka kuti manja awo anazolowera kusisita foni. Atsikanawo anabwezera powajambula ndi mafoni omwewo, ndipo agogo Modesta anaumiriza kuti awajambulenso kachiwiri chifukwa poyamba anatsinzina.

Komabe masiku awiri ndi masiku awiri. Loweruka dzuwa lili pamutu, kulira kwa mamota kutamveka kutsidya, mlatho unali utayalidwa theka lokha. Kuchokera pakati mpaka tsidya limene alendo anaima panali mitanda yokhayokha, madzi akuoneka pansi.

Dona Nasra anatsika pamota yake. Kumbuyo kwake kunali anthu anayi a ku ofesi, wina atanyamula kansalu kofiira kodula potsegulira, wina sizasi. Onse anaima m'mphepete n'kuyang'ana mpatawo. Nyimbo imene amayi anakonzera alendo inafera m'kamwa.

Anastaziya anatola nsungwi yofumbwa imene anaisunga dala, nawolokera pamchenga, nakagwada patsogolo pa dona Nasra.

"Mayi, ndine ndinalonjeza. Mlatho unatha kalekale, koma unali uwu." Anaithyola nsungwiyo ndi manja, ufa n'kugwera pansapato za mlendo. "Agogo anatichenjeza, ine ndinawaseka. Tikanatha kuupaka mafuta kuti musaone. Taugwetsa. Watsopanowu nsungwi zake anakonza ndi agogo, mobisa, ife tikuwanena."

Dona Nasra anayang'ana ufa uli pansapato zake, anayang'ana madala ali ndi luzi m'manja, anayang'ana anyamata ali pamitanda thukuta lili chuchuchu. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka kugwira phewa la Anastaziya.

"Dzuka, mng'ono wanga. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikudula tinsalu pa zinthu zopaka utoto dzulo lake. Lero ndi tsiku loyamba munthu kundionetsa kafumbwe." Anatembenukira kwa wa sizasi uja. "Bwezani m'chikwama zimenezo. Vulani nsapato."

Anavula zake, namanga kapulana, chitenje chake, m'chiuno, nawoloka mtsinje, nakagwada pafupi ndi chitsa cha agogo Eliya.

"Bambo, mundilembe ntchito. Ndigwire pati?"

Agogo Eliya anavula chipewa, anachivalanso, anachivulanso. Pomaliza anangomupatsa luzi. Dona Nasra anakwera pamtanda, nakulunga, nakoka, namanga mofulumira ngati munthu amene anabadwira m'zingwe. Mdalayo anapita kukaiyesa mfundoyo ndi ndodo.

"Imeneyi ndi mfundo ya khoka, si ya mlatho," anatero. Anaikankhanso. "Koma igwira."

Mfuu umene unabuka pamenepo anaumva a kutsidya lina la phiri. Amayi anayambanso nyimbo ija, a ku ofesi anapinda mabuluku n'kuyamba kupatsira nsungwi, ndipo dzuwa lisanafike pamitengo nsungwi yomaliza inali itagona pamalo pake.

"Mayi, wolokani," anatero Anastaziya.

"Ine ndikhala wachitatu. Zingwe ziwiri zitsogole."

Motero agogo Eliya, amene kwa miyezi isanu ndi iwiri ankawolokera pamchenga, anaponda pa mlatho atagwira dzanja la Anastaziya. Ankayenda pang'onopang'ono, akudinda ndi chidendene kuti anthu amve kulimba kwake. Atafika kumapeto anaima, napisa m'thumba la malaya, natulutsa kapepala kopinda kanayi, kali ndi ufa wachikasu m'mphepete.

"Pogwetsa mlatho wakale uja, ichi chinagwa m'nsungwi," ananong'ona. "Maso anga ndi okalamba, koma dzanja la mdzukulu wanga ndimalidziwa. Amalemba ngati nkhuku yapalasa."

Anastaziya anafuna nthaka imumeze.

"Usanjenjemere. Hutala ija ukuyesa sitimaimva? Kawiri, kenako kamodzi. Mudzi wonse umadziwa, inu awiri nokha ndi amene mumayesa chinsinsi." Anamuonetsa nsungwi ya pogwirira manja, yotuwa, yosatseka kukamwa. "Iyi ndaisiya dala. Koma umuuze kuti makalata akakwana, atume akuluakulu kwa amalume ako. Sindinamize nsungwi zimenezi kuti ziziwolotsa odwala okha."

Kumbuyo kwawo dona Nasra anali akuwoloka wopanda nsapato, manja m'mwamba, akuvina, ndipo pambuyo pake mudzi wonse.

Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho. Mu Janyuwale, tsiku lina m'mawa, Lisanje atameza bango lonse, mota ya odwala inawoloka n'kuima pakhomo pa Madalo monga analonjezera dona Nasra, n'kuwolokanso naye, madzi akuwinduka pansi pa nsungwi. Mwana anabadwira ku Itepela, wamkazi, wolira mokweza. Agogo Modesta anati amutche Modesta, agogo Eliya anati dzina la Eliya limakhalanso bwino pa mtsikana, koma Madalo anali atasankha kale. Anamutcha Nasra.

Tsiku limene anabwera naye kumudzi, Anastaziya anatsalira m'mbuyo pa mlatho. Anagogoda nsungwi ndi chala, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Inalira bwino, osagwetsa kanthu. Anayang'ana uku ndi uku, ngakhale ankadziwa tsopano kuti palibe chobisa, napisa zala m'nsungwi ya pogwirira ija. Munali kapepala, ndipo nthawi ino kanali ndi mzere umodzi wokha: "Agogo akuchapitsa jekete lawo. Uwauze amalume ako asachoke Lamlungu."